Dzina laling'ono pansi pa mutu wa nyimbo: Kris Kristofferson ndi nyimbo zomwe zinatchukira pakamwa pa ena

Malume anga ankasunga mbale zawo za galamafoni m'sutikesi kunsi kwa bedi. Lamlungu akabwera kutchalitchi ankatulutsa imodzi, kuiuzira, kuipukuta ndi kansalu, ndiyeno n'kuiika pa makina mosamala ngati dzira. Ine ntchito yanga inali yobwezera m'chikutiro mbale imene yatha kulira. Apa ndi pomwe ndinaona kuti pa kapepala kozungulira kamene kamamatidwa pakati pa mbale pamakhala mayina awiri. Lalikulu ndi la woyimba. Lina limakhala pansi pa mutu wa nyimbo, m'timalemba ting'onoting'ono toti uchite kuyandikitsa kumaso. Nditafunsa kuti ameneyu ndi ndani, malume anati: "Ameneyo ndiye mwini nyimbo, mphwanga. Winayu wangobwereka."

Kenaka kunabwera makaseti otepa, olembedwa ndi bolopeni, ndipo dzina laling'ono lija linasowa. Lero nyimbo timangotumizirana pa foni, nthawi zina ngakhale la woyimba silioneka. N'chifukwa chake kuno kwathu, komwe Jim Reeves, Don Williams, Kenny Rogers ndi Dolly Parton akhala akulira m'nyumba, m'mabasi ndi pa wailesi kwa zaka zambirimbiri, ndi ochepa amene angakuuzeni kuti "The Gambler" anaipeka ndi Don Schlitz, kapena kuti "You're My Best Friend" ndi ya Wayland Holyfield. Mwa anthu a mayina ang'onoang'onowa, amene ine ndimamuika patsogolo ndi Kris Kristofferson, yemwe anamwalira pa 28 September 2024 ku Maui, Hawaii, ali ndi zaka 88. Ena amamudziwa ngati wa m'mafilimu wandevu uja. Koma ngakhale amene sanamvepo dzina lake, nyimbo zake anazimvapo, zina mwina anaziyimba okha m'kwaya.

Kuti timvetse chifukwa chake nyimbo za munthu mmodzi zingatchuke pakamwa pa anthu mazanamazana, tiyambe ndi komwe folk ndi country zinasiyanirana, poti ziwirizi ndi za bere limodzi.

Mawu akuti folk amangotanthauza anthu wamba. Poyamba nyimbo za folk zinali ngati zathu za pamtondo, za pamaliro kapena zoyimba ana kukakhala mwezi: palibe angaloze amene anaipeka, aliyense amaiyimba momwe anaimvera kwa agogo ake, wina kuonjezerapo ndime, wina kuchotsapo. Anthu ochokera ku England, Scotland ndi Ireland atakakhazikika m'mapiri a Appalachia, kum'mawa kwa America, anapita ndi nyimbo zawo zazitali zosimba za chikondi, kuphana ndi kumira m'madzi, komanso ndi vayolini. Banjo ndiye inafika ndi akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa, ndipo poyamba inali chipanda chokutidwa ndi chikopa. Choncho banjo yomwe ankaimba Allan Namoko wa ku Thyolo uja sinali mlendo weniweni, inachita kubwerera kwawo itazungulira dziko.

Zinthu zinasintha wailesi ndi makampani ojambula nyimbo atatulukira. Mu 1925 wailesi ya WSM ya mumzinda wa Nashville inayamba pulogalamu ya nyimbo yomwe inadzatchedwa Grand Ole Opry. Mu 1927 Ralph Peer anaika makina ojambulira m'tauni ya Bristol, Tennessee, ndipo mwa omwe anabwera kudzajambulitsa munali banja la a Carter ndi Jimmie Rodgers. Peer anali wamalonda wochenjera. Anaona kuti nyimbo yopanda mwini ilibe phindu kwa wosindikiza, kotero ankafuna nyimbo zoti zilembetsedwe m'dzina la munthu. A.P. Carter anayamba kuyenda m'midzi ya m'mapiri kutolera nyimbo zakale, nthawi zambiri ali ndi Lesley Riddle, woyimba gitala wachikuda yemwe ankasunga pamtima kayimbidwe kake pamene Carter ankalemba mawu. Nyimbozo zinkatuluka zili m'dzina la Carter. Apa ndiye pa mphambano: nyimbo ya mudzi wonse inasanduka katundu wa munthu, ndipo chamba chomwe tikuchitcha country chinakulira pa maziko amenewa.

Dzina la folk linatsala ndi gulu lina. Woody Guthrie, Pete Seeger, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Bob Dylan ndi Joan Baez, analitengera m'mizinda ndi m'makoleji. Kumeneko linayamba kutanthauza munthu mmodzi ndi gitala lake, woyimba zakukhosi kwake, kawirikawiri zodzudzula nkhondo ndi tsankho. Country inakhalabe ya alimi, oyendetsa malole ndi ogwira ntchito m'mafakitale a kummwera, anthu a tchalitchi Lamlungu ndi a ku bala Loweruka. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam magulu awiriwa ankayang'anana ndi diso lofiira. Komabe mpanda wake unali wa mapesi. Don Williams yemwe, amene anadzafika mpaka ku Harare kudzayimba mu 1997, anayambira m'gulu la folk lotchedwa Pozo-Seco Singers.

Ku Nashville kupeka nyimbo inali ntchito ngati ntchito ina iliyonse, yolowa m'mawa n'kuweruka madzulo. M'timisewu tomwe amatitcha Music Row munali makampani osindikiza nyimbo omwe ankalemba ntchito opeka, n'kumawapatsa kangachepe pa sabata ngati ngongole yodzadulidwa nyimbo ikadzagulidwa. Wopeka akamaliza nyimbo ankaijambula mwachidule pa tepi, ndipo munthu wina wa kampaniyo ankayenda nayo tepiyo kwa oyimba otchuka ndi owajambula kukaitsatsa. Woyimba wamkulu sankachita manyazi kuyimba ya mnzake. Luso lake linali kusankha bwino ndi kuiyimba ngati yake.

Lamulo nalo linkathandiza. Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi umwini wa mitundu iwiri: wa nyimbo yeniyeniyo, kutanthauza mawu ndi kayimbidwe kake, ndi wa zomwe zinajambulidwa mu situdiyo tsiku limenelo. Woyamba ndi wa wopeka ndi womusindikizira, wachiwiri kawirikawiri ndi wa kampani yojambula. Lamulo la ku America la mu 1909 linanena kuti nyimbo ikangotuluka koyamba ndi chilolezo cha mwini wake, wina aliyense akhoza kuijambulanso osapempha, bola alipire mtengo woikidwa ndi boma. Mtengowo unali masenti 2 pa mbale iliyonse, ndipo unakhala pomwepo mpaka 1978. Mbale 1,000,000 zikagulidwa, ndiye kuti madola 20,000, ogawana wopeka ndi wosindikiza. Ndalama zina zinkabwera nyimbo ikalira pa wailesi, kudzera m'mabungwe ngati ASCAP ndi BMI, omwe ntchito yawo ikufanana ndi yomwe COSOMA imagwira kuno. Choncho kwa wopeka, aliyense woyimbanso nyimbo yake anali ngati munda wina wolimidwa ndi mbewu yake, iye n'kumalandirako zokolola.

M'dziko limeneli ndi momwe Kristofferson analowa mu 1965, ali ndi zaka 29, ndipo analowera khomo lomwe palibe ankaliyembekezera. Anabadwa pa 22 June 1936 ku Brownsville, Texas, bambo ake ali mkulu wa asilikali a m'ndege. Anaphunzira ku Pomona College, n'kupata mwayi wa maphunziro wa Rhodes wopita ku Oxford, komwe anazama pa zolembalemba za Chingerezi, makamaka ndakatulo za William Blake. Atabwerera analowa usilikali, n'kukhala kaputeni woyendetsa helikopita ku West Germany. Anali atapatsidwa kale malo oti akaphunzitse pa sukulu ya asilikali ya West Point pamene anasiya zonse n'kupita ku Nashville kukapeka nyimbo. Makolo ake anaona ngati wawachititsa manyazi ndipo anamutaya. Banja lake loyamba nalo silinapirire umphawi umene unatsatira.

Ntchito yomwe anapeza inali yosesa ndi kukolopa mu situdiyo ya Columbia. Mu 1966, Bob Dylan akujambula chimbale chake cha "Blonde on Blonde" m'nyumba yomweyo ndi akatswiri a zida a ku Nashville, munthu wa digiri ya ku Oxford anali pompo akutaya zotsalira za fodya. Pambuyo pake ankagwira ganyu youlutsa helikopita kupita ku malo okumba mafuta pakati pa nyanja ku Gulf of Mexico, sabata imodzi kumeneko, sabata ina ku Nashville kutsatsa nyimbo. Mwini wake ankanena kuti "Help Me Make It Through the Night" anailembera pamwamba pa nsanja ya mafuta. Nkhani yoti tsiku lina anakatera ndi helikopita pabwalo la nyumba ya Johnny Cash kuti amupatse tepi ndi yoona, ngakhale okamba anaithira mchere wambiri. Iye ankati Cash sanalinso pakhomo tsikulo. Chomwe chili chodziwika n'choti mu 1969 Cash anamuitanira pa nsanja ku Newport Folk Festival, chikondwerero chachikulu cha anthu a folk, ndipo kuchokera pamenepo zitseko zinayamba kutseguka.

Nyimbo yomwe imaonetsa bwino zomwe anabweretsa ndi "Sunday Mornin' Comin' Down". Mulibe chochitika chachikulu. Bambo wina wadzuka Lamlungu m'mawa ndi matsire, mutu ukuwawa mbali iliyonse yomwe angautembenuzire. Mfisulo wake ndi mowa. Akufufuza m'zovala zake zakuda kuti apeze malaya omwe akuoneka bwinoko, akusamba kumaso, akutsika masitepe kupita mumsewu wopanda anthu. Akumva fungo la nkhuku yomwe wina akukazinga, ndipo fungolo likumukumbutsa chinthu chomwe anachitaya kalekale osadziwa kuti anachitayira pati. Akuona bambo akukankha kamwana kake pa katungwe. Akuima panja pa tchalitchi kumvetsera ana akuyimba. Belu likulira kutali. Basi, nyimbo yathera pomwepo. Palibe m'busa wobwera kudzamudzudzula, palibe lonjezo loti asiya mowa. Aliyense amene anakhalapo yekhayekha m'tauni ya eni, ku Johannesburg kapena ku Lilongwe komwe, tsiku loti anzake onse ali ndi mabanja awo, amaidziwa Lamlungu imeneyi.

Nyimbo za country zinkakamba kale za mowa ndi chigololo, Hank Williams sankabisa mabala ake. Koma zambiri zinkatha ndi chilango kapena kulapa, kuti womvera atsale ali mbali ya olungama. Kristofferson anatenga kulankhula mosabisa kwa oyimba a folk ndi diso la mlakatuli, n'kuziika m'kayimbidwe kophweka ka country, ndipo chiweruzo anachisiya kunja. Ray Stevens ndiye anayamba kuijambula nyimboyi mu 1969. Cash ataiyimba pa pulogalamu yake ya pa kanema, akuluakulu a wailesiyo anafuna kuti asinthe liwu limodzi lomwe limanena za kuledzera ndi mankhwala ozunguza bongo. Cash analiyimba momwe linalembedwera, mwini nyimbo atakhala m'gulu la oonerera. Zomwe zinajambulidwa tsikulo zinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za country mu 1970, ndipo bungwe la Country Music Association linaisankha kukhala nyimbo yopambana ya chakacho.

Pa nyimbo za chaka chomwecho, bungwe linzake, la Academy of Country Music, linapereka ulemu ngati womwewo kwa "For the Good Times", yomwe Ray Price anaiyimba ndi mavayolini ambiri. Nayonso ndi ya Kristofferson. Ndi ya anthu awiri omwe agwirizana kuti chikondi chatha, ndipo mmodzi akupempha kuti usiku wotsirizawu asauonongere kulozana zala. Mu 1972 Al Green anaitenga, kuichedwetsa, kuitalikitsa kupitirira mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo amene anaimvera kwa iye sangakhulupirire kuti inabadwira ku Nashville.

"Help Me Make It Through the Night" ndiye inayenda kuposa zonse. Ndi pempho la munthu wosungulumwa loti wina akhale naye mpaka kuche, za mawa zidzaoneka mawa. Sammi Smith ataiyimba, n'kufika nayo pa nambala 1 ya country mu 1971, ena anaona kuti mawu otere sayenera kutuluka pakamwa pa mkazi, koma akazi ambiri anamva kuti wina wawalankhulira. Inapatsa Kristofferson mphotho ya Grammy. Elvis Presley anaiyimba. Gladys Knight anaiyimba mu 1972. John Holt wa ku Jamaica anaiika m'chamba cha reggae n'kulowa nayo m'gulu la nyimbo 10 zapamwamba ku Britain, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a ife amene tinakulira pa reggae tinkangoti ndi yake. Willie Nelson, yemwe ndi wopeka wamkulu payekha, mu 1979 anatulutsa chimbale chathunthu cha nyimbo za Kristofferson zokhazokha.

N'chiyani chimachititsa nyimbo kukwana anthu osiyana chonchi? Maganizo anga ndi akuti chinsinsi china chinali m'kufooka kwa mwini wakeyo. Mawu ake anali okhakhala, osakwera kwambiri. Fred Foster, mwini kampani yojambula nyimbo ya Monument, atamuuza kuti ajambule chimbale chakechake, iye anayankha kuti amayimba ngati chule. Munthu wotere sapeka nyimbo yodalira kukweza mawu kapena kukometsera. Amapeka yoti ikhoza kuima ndi gitala limodzi ndi mawu olankhula chabe. Nyimbo yotere imasiyira malo wobwera: wa mawu amphamvu akhoza kuikweza, wa reggae akhoza kuisintha mayendedwe, osaithyola msana. Chachiwiri ndi kasankhidwe ka zoti anene. Amakuonetsa malaya, fungo la nkhuku, belu, koma sakuuza dzina la mzinda, ntchito ya munthuyo kapena chomwe chinamufikitsa pamenepo. Zimenezo woyimba aliyense amadzaza ndi zake.

"Me and Bobby McGee" ikuonetsa zimenezi, komanso ikuonetsa mtengo wake. Mutu wa nyimboyi unachokera kwa Foster, yemwe anatchula dzina la mlembi wina wa mu ofesi, Bobby McKee, koma Kristofferson anamva ngati McGee. N'chifukwa chake pa mbale pamalembedwa mayina awiri, la Kristofferson ndi la Foster. Dzina loti Bobby likhoza kukhala la mwamuna kapena la mkazi, kotero woyimba amangosintha timawu tiwiri titatu tosonyeza kuti akunena za ndani. M'Chichewa sitikanasintha ngakhale kamodzi, poti iye ndi iye basi. Nkhani yake ndi ya anthu awiri osauka oyenda mopempha matola, akuyimba m'lole ya munthu wachifundo, mpaka mmodzi anapatuka kukafuna khomo lokhazikika, winayo n'kutsala ndi msewu. Roger Miller anaijambula koyamba mu 1969. Kenny Rogers ndi gulu lake la First Edition anaiyimbanso, Gordon Lightfoot wa ku Canada nayenso. Janis Joplin anaijambula kutatsala masiku ochepa kuti amwalire pa 4 October 1970, ndipo mu 1971 inafika pa nambala 1 pa mndandanda waukulu wa nyimbo zonse ku America. Kristofferson, yemwe anali bwenzi lake, anaimva koyamba Joplin atapita kale.

Ya Joplin ndi moto weniweni, kumapeto kwake amachita kukuwa ndi mtima wonse, ndipo ndimaikonda. Koma inasintha momwe anthu amaimvera nyimboyi. Ambiri anatolapo mawu okamba za ufulu n'kuwasandutsa mfuu ya achinyamata, pamene ufulu womwe nyimboyi ikunena ndi wa munthu wotsala chimanjamanja, amene angalolere kupereka masiku ake onse akutsogolo kuti abwezeredwe tsiku limodzi la m'mbuyo. Mukafuna kumva chisoni chimenecho, funani ya mwini wake ya mu 1970, yoyenda pang'onopang'ono ngati munthu wotopa. Ine ndimalangiza aliyense wofuna kuzimvetsa nyimbo zamtunduwu kuti azimvera motsatizana: ya wopeka poyamba, kenaka ziwiri kapena zitatu za ena. Chomwe sichikusintha m'zonsezo ndiye ntchito ya wopeka.

Pali ina yomwe ambiri tinaimvera kutchalitchi kapena pa wailesi Lamlungu m'mawa, n'kumaiyesa nyimbo yakale ya m'buku: "One Day at a Time". Pansi pa mutu wake pali mayina a Marijohn Wilkin ndi Kris Kristofferson. Wilkin ndi mayi amene anayamba kumulemba ntchito yopeka nyimbo atangofika ku Nashville, pa kampani yake ya Buckhorn. Iyeyu anali katswiri kale. Mu 1959 iye ndi Danny Dill anapeka "The Long Black Veil" mwadala kuti imveke ngati ya makolo a m'mapiri, ndipo mpaka lero ena amaiyesa ya folk yeniyeni yopanda mwini. Atadutsa m'nyengo yowawa ya mowa ndi kutaya mtima, Wilkin analemba pemphero lake ngati nyimbo, n'kupempha mnyamata wake wakale uja kuti amuthandize kuimaliza. Gawo lalikulu ndi la mayiyu. Marilyn Sellars anaitchukitsa mu 1974, Lena Martell anafika nayo pa nambala 1 ku Britain mu 1979, Cristy Lane pa nambala 1 ya country mu 1980. Kuchokera apo inalowa m'makwaya a m'maiko ambiri, ndipo ikamayimbidwa pamaliro palibe amafunsa za mwini wake. Nyimbo yolembetsedwa ku ofesi, ya eni ake odziwika, yabwerera kukakhala ngati ya pamtondo ija.

Mwa nyimbo zomwe anayimba payekha, imodzi yokha ndiyo inafika pa nambala 1 ya country, ndipo nayonso ndi yauzimu: "Why Me" ya mu 1973. Anailemba atapita kutchalitchi ndi woyimba mnzake Connie Smith, pa nthawi yomwe moyo wake sunali bwino, ndipo mapemphero a tsikulo anamugwetsa misozi. Ndi funso la munthu amene akudabwa kuti zabwino zomwe walandira wazigwirira ntchito yanji. Apa mawu okhakhala aja ndi amene anafunika, chifukwa wofunsa funso lotere sayenera kumveka ngati katswiri.

Zotsatira zake zimadziwika: mafilimu, mphotho ya Golden Globe chifukwa cha "A Star Is Born" ya mu 1976, gulu la Highwaymen lomwe anapanga mu 1985 ndi Cash, Nelson ndi Waylon Jennings, ndi kulowetsedwa mu Country Music Hall of Fame mu 2004. Atakalamba anavutika ndi kuiwalaiwala, ndipo anasiya kuyenda ndi zoyimba. Mu April 2023, pa chikondwerero cha zaka 90 za Willie Nelson ku Hollywood Bowl, anatulukiranso pa nsanja ali ndi zaka 86, tsitsi lonse lili mbuu. Rosanne Cash, mwana wa Johnny Cash uja, ndiye anayamba kuyimba "Lovin' Her Was Easier", nyimbo yomwe Kristofferson anatulutsa mu 1971. Iye anaima pambali pake akumwetulira, n'kumalowa pang'onopang'ono ndi mawu otsika, pamene Rosanne ankanyamula nyimboyo atamukoleka mkono.